Mawaya M'kamwa mwa Amayi

Lachinayi, mwezi wa Febuluwale, ku Kanyama.

Ndadzuka ndi mantha. Amayi anali pampando akundiyang'ana, ndipo anandiitana milomo yokha ikuyenda, mano atalumana. Masiku ano mawu awo amamveka ngati akuchokera m'chitsime.

Papita masiku asanu ndi anayi chigwereni. Anakankhidwa pamzere wa ufa, anaterereka m'matope, n'kumenyetsa chibwano pakhonde la sitolo. Pachibwano panali kabala kakang'ono, koma ululu unali patsogolo pa khutu. Mano sankakumananso, ndipo akatsegula pakamwa pankakhotera kumanzere. Kuchipatala adokotala anapisa zala m'makutu mwawo n'kuwauza kuti ayasamule. Kenaka anawajambula. Anandionetsa chithunzicho pawindo: chigaza cha amayi anga, chikuseka, eni ake atakhala pambali panga. Anati munthu akagwera chibwano, mphamvu imakwera n'kukathyola nsagwada pamene ili yopyapyala, pafupi ndi khutu. Anawamanga mano ndi mawaya kuti fupa ligwirane. Milungu inayi, phala lamadzimadzi lokha.

Anesi anandipatsa kasizasi kodulira mawaya. "Akayamba kusanza, dula msanga. Ukachedwa atsamwa, afa."

Azakhali, alongo awo a bambo, sakhulupirira zimenezi. "Munthu wagwa na chibwano, nanga kukhutu wamumenya ni ndani? Iyi ni mbama ya chinthu chosaoneka." Chithunzi chija anachikulunga m'chitenje n'kuchiponya pamwamba pa kabati. Akuti wamoyo sagona nyumba imodzi ndi chigaza chake.

Lero masana azakhali abwera kuchokera ku komboni ya George ndi botolo la mankhwala akuda. Ang'anga a kumeneko akuti amayi amwe mawa m'mawa asanadye kanthu, kuti asanze choipacho.

"Azakhali, akasanza atsamwa. Anesi anatero."

"Ehe, tamverani adokotala a Fomu 3! Buku yako inaonapo mfiti?"

Bambo anangoyang'ana pansi. Amayi anayesa kulankhula, koma panatuluka kamluzu kokha pakati pa mawaya. Azakhali anabwerera m'mbuyo. "Mwamva? Si mawu ake aya."

Kunena zoona, nanenso thupi linachita tsemwe. Koma amayi anandigwira dzanja n'kulifinya kawiri, monga ankachitira tikamawoloka msewu ku Kamwala ndili wamng'ono. Anali iwo ndithu.

Botolo lili pawindo. Masana onse ntchentche zimatera paliponse, palokhapo ayi. Sindikudziwa tanthauzo lake, ndipo sindifuna kudziwa.

Mawa ndidzuka azakhali asanadzuke. Mankhwalawo ndikathira m'madzi amene adzaza kuseri kwa nyumba, ndipo m'botolomo ndiikamo tiyi wopanda mkaka. Kusukulu sindipita. Ndikhala pafupi ndi amayi, kasizasi kali m'thumba, mpaka atameza dontho lomaliza.