Makwacha Ochokera kwa Clive Mbewe

Petronella Kasoma anabadwira ku Katete. Anabwera ku Lusaka ali mtsikana kudzalera ana a azakhali ake ku Matero, ndipo kusoka anakuphunzirira komweko pa makina akale opalasa ndi mapazi. Atakwatiwa ndi Ricky, dalaivala wa minibasi yoyenda pakati pa komboni ya George ndi tauni, anachita lendi kachipinda pamsika wa George n'kuyamba kusoka mayunifolomu a ana asukulu. Zaka zitapitapo anali ndi makina awiri, ana atatu (woyamba anali Karen), ndi akaunti ya ku banki imene makasitomala ambiri ankalipirirako kudzera pa foni. Mwezi uliwonse pa tsiku loyamba ankatumiza K500 kwa mayi ake, a Elina, amene ankakhala okha kumudzi chimwalirire bambo.

Pa ntchito yake chinkamuvuta chinali chimodzi. Mauthenga a ku banki ankalowa m'foni iye ali ndi singano pakamwa, ndipo foni ikadzaza ankangowafufuta. Mu Januwale, sukulu zikamatsegulidwa, ankatha kupereka diresi kwa munthu amene sanalipire, n'kukangana ndi wina amene analipira kale.

Loweruka lina masana kunabwera Virginia, mnzake wa m'kwaya, amene ankawerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa matayala. Anabwera kudzayesa diresi, koma anapeza Petronella ataweramira foni akufunafuna uthenga wa mlungu wathawo.

"Ba Petronella, muvutika chabe," anatero Virginia. "Vinthu ivi vingazilembe veka. Bweretsani foni."

Anakhala pa mpando wa makasitomala pafupifupi maola awiri. Anakonza kuti uthenga uliwonse wa ku banki uzifikanso ku imelo, kenako analumikiza imeloyo ndi sipuredishiti, tsamba la mizere ndi timabokosi lotseguka pa foni. Ndalama ikalowa kapena kutuluka, mzere watsopano unkaoneka wokha, wokhala ndi tsiku, dzina ndi kuchuluka kwa ndalamayo. Anaitanitsanso ku banki zonse za zaka ziwiri zapitazo n'kuzithira momwemo. Petronella anakana kumulipiritsa diresi.

Kuyambira pamenepo mikangano ya pashopu inachepa. Mayi wina akati analipira, Petronella ankangolemba dzina lake n'kumuonetsa mzere. Anazindikiranso kuti ulusi ndi mabatani zinkamudyera ndalama zambiri kuposa mmene ankaganizira, choncho anayamba kukagula zochuluka nthawi imodzi kumsika wa Kamwala.

Patapita mwezi anaphunzira kusanja mizere potsata maina. Apa m'pamene anaona dzina limodzi litandandalika kakhumi ndi kasanu ndi kanayi: Clive Mbewe. Nthawi zina K200, nthawi zina K300, zonse zolowa. Anayesa kukumbukira makolo onse amene anawasokerapo, koma panalibe Clive. Kale ndalama zimenezi ankangoziyesa za makasitomala.

Lamlungu atachoka kutchalitchi anaonetsa mwamuna wake. Ricky anayang'ana foni kwa nthawi ndithu.

"Bana Karen, uyu Clive ni ndani?"

"Nikanamuziba sembe sininakuonetseni, bashi Karen."

"Mwamuna angakutumizile ndalama zaka ziwili osafuna kanthu?"

Anayankhula ngati akuseka, koma mlungu wonsewo ankabwera ku shopu pa nthawi zimene sankabwerako kale, minibasi ataiimika pamsewu. Petronella chinkamudetsa nkhawa chinali china: kuti mwina munthuyo ankalakwitsa nambala ya akaunti, ndipo tsiku lina adzafika kudzaitanitsa zonse pamodzi.

Virginia ndi amene anamuonetsa kuti m'kabokosi komaliza ka mzere uliwonse munali nambala ya foni ya wotumizayo. Petronella anaimba nambalayo Ricky ali pomwepo, foni ataiika pa thebulo lodulirapo nsalu kuti onse amve.

Anayankha bambo wa mawu odekha, wolankhula Chichewa cha kwawo kwenikweni. Anati ndiye Clive Mbewe, ndipo ali ndi kanyumba kotumizirapo ndalama pamsika wina wa ku Katete. Petronella anatchula dzina lake n'kumufunsa za ndalamazo.

"Mayi, anandiletsa kunena," anatero. "Koma poti mwafunsa nokha, ndi amayi anu, a Elina. Mukawatumizira ndalama amabwera kudzatapa. Amatengapo za sopo, mchere ndi chigayo, zotsalazo amati ndibweze ku akaunti yanu, dzina lawo lisaoneke."

Ricky anatola makiyi n'kubwerera ku minibasi. Petronella anasanjanso mizere potsata masiku. Zinali poyera: pa tsiku loyamba la mwezi K500 inkatuluka, pa lachinayi kapena lachisanu gawo lake linkabwerera. Chimene anayamba kumva chinali mkwiyo. Panali miyezi imene anachedwetsa lendi ya shopu kuti mayi ake asagone ndi njala, ndipo ndalama yomweyo inkadulidwa kawiri panjira, popita ndi pobwera.

Sanawaimbire foni. Anadikira mpaka Meyi, pamene ntchito ya mayunifolomu imachepa, n'kukwera basi yopita ku Katete. Anapeza mayi ake pabwalo akuswa mtedza ndi amayi ena awiri. Alendowo atachoka, Petronella anakhala pa mphasa n'kuyamba kuwathandiza.

"Amama, ndinalankhula ndi a Clive."

A Elina sanasiye kuswa mtedza. "Munthu uja pakamwa pake sipatsekeka."

"Ndalama zanga zinakulakwirani chiyani?"

"Sizinalakwe, mwana wanga. Ukukumbuka nditabwera kwanu uja, pamene unabereka Miracle? Ndinakuona uli ndi masiku asanu chibadwire mwana, utaima pamzere ndi chigubu kukagula madzi. Madzi! Makala unkagula a m'kapepala, tomato mmodzimmodzi. Ine kuno madzi ndimatunga pachitsime, nkhuni ndimatola, chimanga chili m'nkhokwe. Ndinati munthu wogula madzi angandidyetse bwanji ine?"

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ukanati ndakunyoza. Ukanalira, n'kumatumizabe."

Petronella anafotokoza kuti moyo wa ku George ndi wotero kwa aliyense, kuti kugula madzi si umphawi, ndiponso kuti shopu ikuyenda bwino. Anatulutsa foni kuti awaonetse mizere ya ndalama zolowa. A Elina anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti zilembozo n'zazing'ono, maso awo sangazione.

Anakhalako masiku atatu, ndipo sanagwirizane. Mayi anakanitsitsa kulandira ndalama yapamwezi. Tsiku lonyamuka, Petronella anaona matumba asanu a mtedza atasanjidwa m'nyumba kudikira ogula a ku Chipata, ndipo anafunsa mtengo wake.

"Ukufuna kugula kapena kupempha?" anafunsa a Elina.

"Kugula."

Apa mayi anasintha nkhope. Anatchula mtengo wokwera, Petronella anatsitsa, iwo anakana, ndipo anakokanakokana mpaka basi inatsala pang'ono kumusiya. Anagula matumba atatu. Ndalama zimenezo a Elina anaziwerenga kawiri n'kuzimanga pansonga ya chitenje.

Petronella anaika beseni la mtedza pakhomo la shopu n'kumagulitsa pa kapu. Amayi obwera kudzatenga mayunifolomu ankagula, ndipo matumba atatu aja anatha pasanathe miyezi iwiri. Anaitanitsa ena, n'kuwonjezapo nyemba. Ricky ankakatenga katunduyo ku siteshoni ya mabasi akuluakulu Lamlungu masana.

Chaka chotsatira a Elina analima munda wa mtedza wokulirapo. Atakolola anaimba foni kuti mtengo wakwera, popeza ogula a ku Chipata awonjeza K40 pa thumba, ndipo ngati mwana wawo sangafikepo agulitsa kwa amenewo. Petronella anadandaula kuti mafuta a galimoto akweranso, koma mayi sanatsitse. Analipira.