Botolo limodzi, amuna atatu

Chaka chimene chiwawu chinapsereza mbatatesi yathu yonse ku Mlangeni ndi chimene ndinaganiza zopita ku Joni. Kwathu ulendo umenewu si wachilendo. Bambo anga anapita kumigodi nabwerako ndi sutikesi yachitsulo ndi chifuwa chosatha. Amalume anapitanso, koma iwo anabwera m'bokosi. Nditawauza akazi anga, aNangozo, sanalire ayi. Anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, kenako anati:

"Pitani, bambo a Tiyamike. Koma mudzabwere ndi miyendo yanu. Ine bokosi sindidzalandira."

Ndinaseka, poti nthawi imeneyo ndinali chimunthu chosenza ndekha thumba la mbatatesi kuchokera kumunda mpaka pamsewu.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'makomo mwa anthu. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi Fredson wa ku Sharpevale, munthu wabwino mtima koma pakamwa posatseka ngati wailesi. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, malata anakwera padenga, Tiyamike analowa sekondale. Chimene sindinkatumiza ndi nkhani ya kusungulumwa. Lamlungu masana ndinkakhala pabedi kuyang'ana zithunzi za munda wathu pafoni mpaka batire kutha.

M'chaka chachinayi, tsiku lina potaya madzi ndinaona magazi. Sindinadabwe n'komwe. Mmalawi ndani sadziwa likodzo? Fredson anachita kuseka.

"Amwene, kwathu kuchigwa mwana wamwamuna akapanda kukodza magazi timati sanakule. Gulani mapiritsi basi."

Ndinagula, ndinamwa, magazi analeka, anabweranso, ndinagulanso. Chaka chathunthu ndikuthamangitsa likodzo lomwe kunalibe! Lero ndikamva bambo wamkulu kumudzi kuno akunena kuti ndi likodzo chabe, ndimamukalipira ngati mwana wanga, ndipo ena amandizemba panjira.

Nditakomoka pakapinga pa bwana wina ndi pamene ananditengera kuchipatala cha boma. Analowetsa kakamera, napeza chotupa m'chikhodzodzo. Khansa. Anachipala, kenako dokotala, mayi wamfupi wolankhula mosazungulira, anandifotokozera za mankhwala oti chisamerenso. Anati ndi achibale a katemera wa TB amene amatisiyira chipsera paphewa tili makanda. Amawathira m'chikhodzodzo ndi kapaipi, iwe n'kuwasunga maola awiri, ndipo amadzutsa asilikali a m'thupi kuti amenyane ndi khansayo. Akalephera, chotsala ndi kuchotsa chikhodzodzo chonse, munthu n'kumayenda ndi kathumba pamimba. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinaona bokosi la amalume lija m'maso mwanga.

Kumudzi sindinanene kanthu, ndipo Fredson ndinamulumbiritsa. Mankhwala ndinkalandira Lachinayi, ndipo tsiku limenelo thupi linkatentha, mawu n'kumanjenjemera. Ndiye ndinawauza aNangozo kuti Lachinayi bwana amakhala pakhomo, salola foni. Iwo anangoti, "Chabwino."

Masabata asanu ndi limodzi oyamba anayenda bwino. Koma mankhwalawa amafuna kubwereza pakapita miyezi, ndipo nditapita kukabwereza anati atha. Bwerani mwezi wamawa. Mwezi wamawawo, atha. Osati chipatala chathu chokha ayi, anati akusowa m'maiko ambiri, ngakhale a anthu olemera. Koma abale! Kuthawa kusowa kwathu, kukakupezanso kwa eni ake.

Ulendo wachitatu dokotala uja anatiitana amuna atatu m'chipinda chimodzi: ine, mzungu wina wokonza magalimoto dzina lake Koos, ndi mdala wachizulu, a Sithole. Anaika kabotolo patebulo, kakang'ono ngati chala.

"Mabotolo abwera ochepa. Limodzi ndiligawa patatu. Koma likatsegulidwa silichedwa kuwonongeka, ndiye muzibwera nonse atatu, tsiku limodzi, ola limodzi. Akasowa mmodzi sinditsegula, lipita kwa gulu lina."

Koos anavomera. A Sithole anadzuka, natenga chipewa chawo.

"Gawo limodzi mwa atatu ndi madzi amenewo. Mukufuna kutinamiza ngati ana."

Lachinayi lotsatira sanabwere. Ine ndi Koos tinakhala pabenchi mpaka masana, botolo lathu n'kupita kwa ena tikuona. Ndinapsa mtima kwambiri, moti ndinatuluka osatsanzika munthu.

Loweruka ndikusenda mbatatesi ya ndiwo, ndinapeza ina itatulutsa maso, ndipo ndinakumbukira bambo anga. Chaka cha mbewu yochepa sankakhala pansi kulira. Ankanola mpeni, kudula mbatatesi yaikulu patatu, chidutswa chilichonse chikhale ndi diso lake, kupaka phulusa pabala, n'kubzala. Munda unkadzaza ndithu.

Koos anali ndi nambala ya a Sithole, ndipo mdzukulu wawo anatilozera nyumba. Kunali kulokeshoni kumene ife obwera sitinkapondako mwachisawawa. Fredson anati, "Amwene, khansa yakulepherani ndiye mukufuna akakumalizeni anthu?" Koma Lamlungu ndinavala jekete langa la kutchalitchi, mbatatesi m'thumba, ndinapita.

Ndinawapeza atakhala panja. Ndinawapatsa moni m'Chizulu changa chothyokathyoka, n'kuwauza kuti ndine Mngoni, makolo athu anachokera kwawo komweko. Anandifunsa mawu a makolo amene ndikudziwa. Ndinati, "Bayete." Anaseka mpaka kutsokomola.

"Basi? Ulendo wonse uja munangosunga liwu limodzi?"

Poti anaseka, ndinadziwa kuti sandithamangitsa. Ndinapempha mpeni ndi phulusa. Ndinadula mbatatesi ija patatu iwo akuona, ndinabzala zidutswazo m'tayala lakale lomwe linali ndi dothi pakhomo pawo.

"Madala, kwathu mbewu ikachepa timatere. Zikapanda kumera zonse zitatu, mudzasiye, inenso ndidzasiya. Koma podikira, tiyeni tizipita. Inu mukakhala pano, ine sindilandira, ndipo akazi anga anandiuza kuti bokosi sadzalandira."

Kenako anati abwera, koma kudzangoona mmene Mngoni wa liwu limodzi achitire manyazi.

Lachinayi a Sithole anafika oyamba. Dokotala nditamuuza za mbatatesi anapukusa mutu, nati thupi la munthu si munda, koma pang'ono pamaposa kusalandira konse. Ine ndinati zomwezo ndi zimene bambo anga ankanena. Sabata lachitatu a Sithole analowa akukuwa pakhomo la chipatala, foni m'mwamba, chithunzi cha timasamba titatu m'tayala. Kuyambira pamenepo ine ndinakhala kapitawo wa gulu. Lachitatu madzulo ndinkaimbira onse awiri. Galimoto ya Koos itafa, ndinamuuza akwere minibasi ngati anthu ena onse, ndipo anakwera. Miyezi ina mabotolo ankasowanso, tinkadikira, koma akangofika tinalipo atatu. Sitinaphonyenso ngakhale kamodzi, ndipo ndimanyadira zimenezi kuposa malata a nyumba yanga.

Si tonse tinapambana mofanana. Koos chotupa chinabwerera, anamuchotsa chikhodzodzo, koma ali moyo ndipo akukonzabe magalimoto. Ine ndi a Sithole kakamera sikanapeze kanthu, kachiwiri, kachitatu. Dokotala anandilembera kalata yoti ndizikapimitsa kwathu nthawi ndi nthawi, ndipo ndinagula tikiti.

Basi inanditsitsa pa Mlangeni Lachinayi masana. Akabaza anandizungulira ndi njinga zawo zamoto. Ndinakweza katundu, ndinawalozera mudzi, koma ine ndinakana kukwera. Anati mdalayu ndi woumira. Ndinayenda wapansi mtunda wonse, kupatuka kutchire kawiri poti chikhodzodzo changa masiku ano sichidziwa kudikira. Njira yonse ndinkakonza mawu oululira chinsinsi changa.

ANangozo ndinawapeza pakhonde atavala bulauzi yoyera, akuchokera kumvano. Sanayambe kuyang'ana nkhope yanga. Anayang'ana kumapazi. Ndinakhala pampando, ndinakonza kukhosi.

"Mayi a Tiyamike, pali nkhani imene sindinakuuzeni."

"A Sithole mwawasiya bwanji?" anatero. "Nanga mzungu uja wazolowera kathumba kake?"

Fredson! Anawaimbira sabata lomwelo limene ndinamulumbiritsa.

"Lachinayi lililonse amayi kumvano timatchula mayina atatu popemphera. Dzina la mzunguyo linativuta, koma tinalizolowera. Munkati mukudwala nokha?"

Ndinakumbukira amayi awiri amene anandipatsa moni panjira atagwira pamtima, ndi abusa amene anaimitsa njinga kundigwira dzanja osalisiya. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo zaka ziwiri palibe anatulutsa liwu pafoni. Ine ndinkadziona katswiri wosonkhanitsa amuna atatu, pamene kuno mayi mmodzi anatseka pakamwa mudzi wathunthu.

"Nanga bwanji simunandiuze kuti mukudziwa?"

"Ndimakudziwani, bambo. Mukanamva kuti ndikulira kuno, mukanakwera basi mankhwala asanathe."

Misozi inatuluka, ine mwamuna wamkulu, Mngoni, masanasana pakhonde. Iwo anayang'ananso mapazi anga ofiira ndi fumbi.

"Mwabwera ndi miyendo yanu," anatero. "Vulani nsapatozo, ndikatenge madzi."