Kadzidzi wa Chigubu pa Chigafa cha Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapanga kadzidzi uja, ndipo mpaka lero, ndili Fomu 3, sindinapangenso chinthu chokongola kumuposa. Akwathu ku Dzoole akamaikamba nkhaniyi amatsitsa mawu. Ine ndimaikamba ndikumwetulira.

Zinayambira kusukulu. Aphunzitsi athu a zaluso anatiuza kuti kudzala kuli nyama zambiri, zimangodikira wozitulutsa. Anzanga anapanga ng'ombe za zitsononkho, wina fulu wa chitini cha nsomba, n'kulekera pomwepo. Ine ayi. Zotsekera mabotolo ndinkaziboola ndi msomali n'kuzitunga pa waya, ikakhala njoka. Botolo la pulasitiki ndikalipatsa miyendo ya timitengo ndi mchira wa chubu cha njinga, ikakhala nkhumba. Zonsezi ndinkazindandalika pakhonde.

Amene ankandisowetsa mtendere anali achimwene anga, a Madalitso. Akamadutsa ankangozikankha ndi phazi.

"Iwe Tiyamike, chotsa zinyalala zakozi. Mtsikana wamkulu ngati iwe n'kumaseweretsa mabotolo?"

"Si zinyalala, ndi nyama."

"Nyama? Nanga bwanji sizikundiluma?"

Mawu amenewo ndinawasunga bwinobwino.

Inali nyengo yosoka fodya. Chigafa chathu chofolera ndi udzu chinali chitadzaza, masamba akulendewera pa mikangala, fungo lake loyabwa m'mphuno likufika mpaka kuchitsime. Thukuta lonse la ababa la chaka chimenecho linali mmenemo. Amayi panalibe. Anali kuchidikiro cha pachipatala ku Mtengowanthenga, oyembekezera, miyendo itatupa moti nsapato sizinkalowa. Azakhali, mlongo wawo wa ababa, ndiwo anabwera kudzatisamalira. Anafe sankatiuza zambiri, koma ndinkaona ababa akutulutsa foni m'thumba pafupipafupi, kuiyang'ana, n'kuibwezera isanalire.

Ine mtima wanga unali pa achimwene basi. Ndinatenga chigubu chakale cha mafuta ophikira n'kuchidula pakhosi. Mutuwo ndinaukhazika pa sipoko ya njinga kuti uzitembenuka mphepo ikaomba. Nthenga ndinatola kukhola la nkhanga za oyandikana nafe, zina za thadzi lathu lamawanga, n'kuzimata ndi phala la ufa wa chinangwa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba monga amafolera nyumba. Mlomo ndinasema ku patapata wakuda woduka lamba. Maso ndiwo anandivuta, mpaka ndinapeza matochi akufa kudzala la pagolosale, n'kuchotsa tija tonyezimira ta m'kati, pakati n'kudonthezapo makala. Nditamaliza ndinamuyang'ana, nayenso anandiyang'ana. Mwiniwakene ndinamuphimba ndi chitenje.

Masiku onse oyamba kutuluka kukaona fodya anali achimwene. Choncho tsiku lina ndinalawirira kutangoyamba kuyera, ndinatenga nsungwi yaitali, n'kumukweza kadzidzi wanga pansonga penipeni pa chigafa, miyendo yake ya waya itakola udzu. Kenaka ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe, dzanja lili pakamwa kuti kuseka kusanditulukire msanga.

Nkhungu inali itatsika kuchokera kumapiri a ku Ntchisi, yoyera ngati utsi. Chitseko chinalira. Koma amene anatuluka sanali achimwene. Anali ababa.

Ababa ndi dikoni kumpingo kwathu. Ndiwo ankatiuza kuti kadzidzi ndi mbalame ngati nkhunda, ntchito yake n'kudya makoswe, zoti amalosera maliro n'zachikunja. Anayenda pang'ono akutsuka mkamwa, kenaka anaima. Nthawi yomweyo kamphepo kanadutsa, ndipo mutu uja unatembenuka pang'onopang'ono, n'kukaima utaloza zenera la kuchipinda kwa amayi. Mswachi unagwa m'manja mwa ababa.

Azakhali anatuluka m'khitchini n'kutsatira kumene maso a ababa analunjika.

"Mayo ine! Achimwene, kunja kutayera chonchi? Ndipo sakulira n'komwe. Ameneyu wabwera kudzaloza nyumba."

"Khalani chete, mlongo," anatero ababa.

"Ndikhale chete bwanji, mlamu wanga ali kuchipatala?"

Apo m'pamene achimwene anga a Madalitso anatuluka akutikita m'maso. Atangoona, anabwerera chambuyo n'kukaima kumbuyo kwa azakhali, chimnyamata chonsecho, dzanja litagwira nsonga ya chitenje chawo. Chimene ndinkafuna ndinali nditachipeza. Ndikanatuluka nthawi yomweyo, nkhaniyi ikanathera m'kuseka ndi khofi limodzi. Koma kunkandikomera, ndipo ndinati ndionereko pang'ono.

Ababa anaomba m'manja. Kadzidzi anangoti duu. Anatola mwala n'kuponya, unadutsa pafupi ndi phiko. Mbalame iliyonse ikanauluka, koma uyu anangotembenuza mutu n'kuwayang'ana iwowo.

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti kadzidzi akakana kuchoka amamuponyera chikuni chamoto, kuti uthenga wake abwerere nawo kumene wachokera. Ndinkaganiza kuti zimenezo angachite ndi azakhali, osati a dikoni. Koma ndinaona ababa akulowa m'khitchini, n'kutuluka ndi chikuni chofiira kumapeto, utsi ukuwatsatira. Nkhope yawo sindinaione choncho ndi kale lonse. Sankaonanso udzu wa denga, sankaonanso fodya wawo. Ankangoona amayi.

"Ababa, ndi chigubu!" ndinakuwa ndikutuluka.

Mkono unali utapita kale.

Anamulasa pachifuwa penipeni. Kunamveka kuti pho! ngati ng'oma yong'ambika, kadzidzi n'kugubuduka mpaka pansi. Koma chikuni chinatsala pamwamba, chitagona pa udzu. Kanthawi kochepa sipanachitike kanthu. Kenaka utsi unayamba kukwera, woyera, kusakanikirana ndi nkhungu, ndipo pansi pake panaoneka kalilime kofiira.

Mame ndiwo anatipulumutsa, chifukwa udzu wa pamwamba unali wonyowa. Achimwene anatola nsungwi yanga ija n'kukokera chikuni pansi, ine ndi azakhali tikuthamanga ndi zidebe, ababa atakwera pamwamba akuzula udzu woyaka ndi manja awo. Moto utazima panatsala chibowo chonga lichero, ndipo mkangala umodzi wa fodya unali utada.

Ababa anatsika, zikhatho zitatuluka matuza. Anatola kadzidzi uja, mbali imodzi itasungunuka, nthenga zikununkha chiwawu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenuza mutuwo ndi chala. Ndinkadikira ndodo. Sinabwere.

"Tiyamike, ukudziwa kumene kuli amayi ako?"

"Eee, ababa."

"Chabwino."

Bwenzi atangondimenya. Azakhali pondipatsa chikwakwa kuti ndikamwete udzu wokonzera denga anandinong'oneza kuti, "Zinthu zina ukaziitana mwamasewera zimabwera zenizeni. Upemphere, mwanawe."

Tsiku limenelo kusukulu sindinapite. Ndinamweta udzu kudambo, kusenza, kubwereranso, pakhomo palibe wondilankhula. Njinga iliyonse yotsika mumsewu ndinkaiyang'ana mpaka idutse, kuopa kuti ikhotera kwathu ndi uthenga. Ndinkadziwa kuti maso aja ndi a tochi, mlomo ndi patapata, ndinamata ndekha. Komabe ndinkadziwanso kuti kuchipatala kukachitika kanthu, mudzi wonse udzandiloza chala moyo wanga wonse kuti mwana uja ndiye anaitana maliro a amake.

Dzuwa litapendeka, ababa ali pamwamba kufolera, foni inalira. Anatsika mosafulumira n'kupita nayo kuseri kwa nyumba. Azakhali anakhala pansi pomwe anaima. Ine ndinali nditasenza mtolo wa udzu, ndipo sindinathe kuutula. Ababa atabwerako anayamba apukuta kumaso ndi malaya.

"Mphatso ndi ya mwana wamwamuna. Amayi anu ali bwino."

Azakhali analulutira mpaka agalu anauwa.

Anthu akamva nkhaniyi amayembekezera kuti ndinena kuti kuyambira pamenepo ndinasiya. Pepani, sindinasiye. Ngakhale ababa sanamutaye kadzidzi uja. Patapita masiku ndinawaona akumumangirira pa chitsa pakati pa munda wathu wa kumtunda, kumene anyamata ankatithyolera chimanga. Chaka chimenecho sichinasowenso ngakhale chimodzi.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu akachita mantha chifukwa cha amene amamukonda, amatola moto osayang'ana kumene ukagwere, ngakhale akhale dikoni. Ndiye ukafuna kuopseza munthu, yamba wadziwa chimene chili mumtima mwake tsiku limenelo, ndipo uyang'ane denga. Masiku ano nyama zanga ndimaziika pa malata okhaokha. Pano ndikumaliza fisi wa matumba a feteleza ndi tayala lakutha, ndipo kamlongo kanga kaja kanabadwa tsiku limenelo ndiko kamanditolera zotsekera mabotolo zopangira mano.

Achimwene mpaka lero kumunda wa kumtunda sapita okha. Akamazengereza pakhomo, khasu lili paphewa, ndimawafunsa mwaulemu wonse kuti, "Bwanji achimwene, zinyalala zija zinakulumani?"