Dalton Ali Chigonere

Lachiwiri, pa 14 Januwale 2025, mkamwini wanga Dalton anandipatsa moni ali chigonere. Ndinalowa pabalaza m'nyumba yanga ku Chimwankhunda, iye atagona chagada pa sofa, foni pachifuwa. Anangokweza dzanja nati, "Mwaswera, madala?" Madala ine, amene ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu ndi zinayi!

Inu a Stewart, ankhoswe ake, mbiri ya mwana wa mlongo wanuyu mukuidziwa. Anabadwira ku Ndirande, ndipo Fomu 4 anakhoza bwino ndithu. Bambo Dinesh anamulemba ntchito m'sitolo yawo ya matilesi ku Limbe. Ntchito yake inali yoonetsa ogula kufewa kwa katundu: kugonapo pang'ono, kudzuka, kumwetulira. Mbali yoyambayo anaidziwa msanga. Tsiku lina mayi wa ku Nyambadwe anachita kumugwedeza kuti amve mtengo, ntchito n'kuthera pomwepo.

Papita zaka zitatu tsopano. Mwana wanga Tionge amalawirira kukakwera minibasi ya ku ofesi ku Mandala, madzulo n'kudzamuphikira. Pa sofapo, pamene malemu mkazi wanga ankayala nsalu zoluka, pakumbika dzenje la msinkhu wa Dalton. Ine mwininyumba ndimawerengera nyuzipepala pakhonde, pa mpando wa pulasitiki.

Pa chinkhoswe munaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti mnyamatayu akalakwa tizifunsa inu. Ndakufunsani lero. Ndiyankheni lisanafike Lamulungu: mubwera tsiku liti kudzamutenga?