Chitsulo cha Anthu Awiri

Aliyense wogula kachewere pa Chimbiya amamudziwa Gerevazio, ngakhale ambiri dzina salidziwa. Ndi uja wamfupi, wa chipewa chaubweya, amene amasenza thumba ngati wanyamula pilo n'kuliponya mu lole. Kwawo ndi ku Kabwazi. Pa Chimbiya wakhalapo zaka zisanu ndi zitatu, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa chigayo.

Pabwalo la kanyumbako pali chitsulo chonyamula. Anachipanga awiri ndi mnzake Themba. Anatenga chitsulo cha ngolo yakale, nathira simenti m'zitini ziwiri za penti, china uku china uku. Benchi anakhoma ndi matabwa a paini. M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke, wina ankagona chagada pabenchi n'kumakankha chitsulocho, mnzake ataima kumutu kuti chikamukanika achilandire. Chitsulo chotere munthu sagona pansi pake ali yekha. Chikakutsikira pachifuwa, wokuchotsa palibe.

Mkangano wawo unali umodzi. Themba ankati mikono imafuna zakezake: uime, ugwire kachitini ka simenti m'dzanja limodzi, uzipinda chigongono mpaka akatumba atupe. Gerevazio ankangoseka, ati zimenezo n'za anthu okonda kudziyang'ana pagalasi. Munthu wokankha chitsulo, wodzikoka panthambi ya mpeyala, wosenza matumba tsiku lonse, mikono yake ingagone bwanji? Imagwira limodzi ndi msana ndi chifuwa, imakula yokha.

Chaka chatha Themba anapita ku Joni. Miyezi yoyamba ankaimba foni. Kenako mauthenga okha. Kenako zii.

Gerevazio ankadzukabe nthawi yomwe ija. Ankafika pabenchi, n'kuliyang'ana, osagonapo. Tsiku lina anatola kachitini kaja Themba anasiya pakhonde, nayamba kupinda chigongono, akuwerenga mokweza monga ankachitira mwini wake. Mawa lake chimodzimodzi. Chisanu cha Juni chili chomwecho, thupi lisanatenthe, iye ankafika mpaka handiredi, n'kupita kukasenza matumba.

Chigongono chakumanja chinayamba kulasa. Anachimanga kansalu, nachibisa mu juzi. Koma inali nyengo yokumba kachewere, malole ali ndandanda, ndipo tsiku limodzi anagwetsa matumba awiri. Thumba lachiwirilo linaphulika, kachewere n'kugubuduzikira mumsewu, mayi mwini katundu akulalata. A Anselmo, mkulu wa gulu la opakira, anamuitanira pambali. Anamuuza kuti apume sabata imodzi, ndipo akabwera akugwetsabe, malo akewo apatsa wina. Ofuna ntchito anali ambiri.

Sabata imeneyo inatalika. Ankamva malole akulira kumsewu, iye ali pakhonde, mkono uli pamwendo. Ntchito ikatha pano, kwatsala n'kubwerera ku Kabwazi, kumene munda wa makolo anagawana kale abale ake.

Lamulungu, potuluka ku Misa, a Anselmo anapatukira kwa Gerevazio kudzaona mkonowo. Anausisita, naona kutupa kwake, kenako maso awo anagwera pa kachitini kaja.

"Si iwe unkati izi n'zachabechabe?"

"N'zachabechabe ndithu, bambo. Mikono siifuna zimenezi."

"Nanga ukudzivulaza nazo bwanji?"

Gerevazio analoza benchi ndi mlomo. "Chinacho chimafuna anthu awiri."

A Anselmo anayang'ana benchilo, lili mbuu ndi fumbi la kuchigayo, zitosi za nkhuku zitaumirapo. Kenako anati iwo msana unatha kale, sangaime kumutu kwa munthu n'kulandira simenti yonseyo, angaphe mwana wa eni. Potsanzika anatola kachitini kaja, ati mphepo ikuwasasulira lata limodzi padenga, akufuna chopsinjira. Gerevazio sanakanize.

Mkono utapuma, kutupa kunaphwa. Lolemba linalo anabwerera kumsewu, ndipo thumba silinagwenso. Malo ake ali nawobe mpaka lero.

Amadzukabe nkhungu isanachoke. Amathamangathamanga pabwalo kuti thupi litenthe, n'kudzikoka panthambi ya mpeyala kakhumi, osawerenga mokweza. Chitsulo chachikulu chili pamalo pake. Masiku ano mkazi wa nyumba yoyandikana amayanikapo matewera a mwana wake, ndipo Gerevazio samuletsa. Benchi lokha amalipukuta Loweruka lililonse.