Mzere wa Kopa Kuseri kwa Kalendala

Ndili Fomu 3 ku Kitwe, ufulu utangobwera kumene, ndinkatola nyuzipepala zokulungira tinsomba ta kapenta pamsika wa ku Wusakile. Chomwe ndinkafunamo chinali mtengo wa kopa, ndiye kuti mkuwa, basi. Sabata iliyonse ndinkaika kadontho kuseri kwa kalendala ya kutchalitchi, n'kumalumikiza timadonthoto kuti ndione ngati mzere ukukwera kapena kutsika.

Amalume amene ankatisunga ankagwira ntchito pansi mumgodi wa kopa, ndipo za timadontho tangazi ankadana nazo kwambiri. Tsiku lina ndinawaonetsa pamene mzerewo unatsika pang'ono, n'kunena kuti chokwera chimatsikanso.

"Iwe, ukutilodza eti?" anakalipa. "Mwana wamkazi wosadziwa ndi khomo la mgodi lomwe azindiuza ine za kopa? Kopa satha!"

Anathothola kalendalayo pakhoma, n'kuing'amba, n'kupichiramo fodya. Anasuta ntchito yanga ya miyezi isanu ndi itatu ine ndikuona, utsi akundiuzira kumaso.

Sindinawakhululukire. Patapita zaka kopa anagwadi, mgodi n'kuyamba kuchotsa anthu. Amalume anabwera kunyumba kwanga ku Ndola, chipewa chili m'manja, kudzafunsa ngati mtengo udzakwerenso.

"Yankho lake munalisuta kale, amalume," ndinatero.