Loweruka Limene Wailesi Inazima

Inali yozungulira ngati sefuliya, yabuluu, ndipo batire lake linkalemera ngati mwana wa mbuzi. Wailesi imeneyo amayi anaigula ku Namitete chilimwe china atagulitsa mtedza. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndinadana nayo kuyambira tsiku loyamba.

M'sitolomo munalinso galamafoni. Mwini sitolo ataipukusa, nyimbo inatuluka yoyera ngati woimbayo wakhala nafe pamphasa. Wailesi ija inkangothetheka ngati chimanga chokazinga. Ndinakoka nsalu ya amayi mpaka kulira. Aphunzitsi a kwathu ku Nsaru, amene anatiperekeza, anati galamafoni njokoma m'khutu koma siichedwa kuduka sipuling'i, pomwe wailesi ngakhale uigwetse idzalankhulabe. Amayi anangofunsa chimodzi: "Kodi siiphonya tsiku, eti?"

Abambo anapita kukagwira ntchito ku Halale ine ndili kumsana, ndipo kalata sanalembepo. Malume, eni mbumba, anali atanena kuti mvula yoyamba ikagwa popanda uthenga, akauza akuchimuna kuti ukwati watha. Tsono Loweruka lililonse masana pawailesi ankawerenga moni wa anthu a kunja kupita kwa abale awo. Nthawi yokhayo ndiyo amayi ankaitsegula, posunga batire.

Tinkakhala awiriwiri pakhonde, mphepo ikuuluza makoko a mtedza pabwalo, maina akudutsa: a ku Dedza, a ku Kasungu, ngakhale a ku Kabudula pafupi pomwepa. Aphunzitsi sananame. Wailesi sinaphonyepo, ndipo dzina la abambo silinamveke. Moni ukatha amayi ankaifunditsa nsalu n'kutsikira kudimba osandiyang'ana. Kusungulumwa kwa masana amenewo ndimakumvabe mpaka lero.

Mitambo itayamba kusonkhana, ine ndinayamba kuba nyimbo. Amayi akangochoka ndinkatsegula wailesi, khutu nditaligunditsa. Sindidziimba mlandu kwambiri, m'nyumba muja munalibe wolankhula naye. Koma Loweruka lotsatira amayi atapotokola kabatani, wailesi inalira pang'ono ngati mwanapiye, kenako zii. Batire ndinali nditalimaliza. Ndinaulula ndisanafunsidwe, ndikudikira mkwapulo.

Sanandimenye. Anakhala nthawi yonse ya moni ija akuyang'ana wailesi yosalankhulayo, nkhope itamasuka mmene ndinali ndisanaionerepo. Lachiwiri mvula inagwa, ndipo malume anabwera matope ali m'miyendo.

"Achimwene, mwina anatitchula tsiku lija inazima," anatero amayi.

Malume anauthetsabe ukwati. Koma mawu amenewo amayi anakalamba nawo, akuwanena posenda mtedza, akuwanena pa matenda awo omaliza.

Ine ndinkangokondwa kuti ndapulumuka mkwapulo. Sindinkadziwa kuti Loweruka lililonse limene wailesi inalankhula bwino linkawalanda amuna awo, ndipo limodzi lokha limene ndinawaonongera ndilo linawasiyira.